Ndalama za inshulansi zikufika zoperewera, akudula ndani?

FUNSO: Ndili ndi kachipatala pa Ngabu. Ndikatumiza kleimu ya K500,000 ku kampani ya inshulansi ya zaumoyo, ku banki kumafika K485,000. Ndamva kuti ku America madokotala amawadula ndalama akawalipira pa makina. Kodi kuno nako zayamba?
Mwini chipatala, Ngabu

YANKHO: Bambo, za ku America n'zoona. Kumeneko makampani ena, m'malo moika ndalama mu akaunti ya chipatala, amatumiza nambala ya khadi yogwiritsa ntchito kamodzi kokha. Achipatala akailowetsa pa makina olipirira ndi khadi (POS), pamadulidwa 2 mpaka 5 pa 100 iliyonse. Atolankhani a ProPublica adaulula zimenezi mu 2023. Ife tikuti n'kulakwa: ngongole ndi ya kampani, ndiye mtengo wotumizira usagwere amene wachiritsa wodwala.

Koma musathamangire kunena kuti zanu ndi zomwezo. K15,000 yasowayo ndi 3 pa 100, ndipo ikhoza kudulidwa m'malo angapo. Yambani mwapempha ku kampaniyo remittance advice, chikalata chosonyeza zomwe alipira pa wodwala aliyense. Chiyaleni patebulo pamodzi ndi kleimu yanu ndi sitetimenti ya ku banki, mutsate mzere ndi mzere.

Ngati chikalatacho chikuti K485,000, wadula ndi kampani. Kawirikawiri chimakhala chakuti mtengo wanu wa mankhwala kapena woyeza malungo wapitirira umene mudagwirizana, kapena fomu ina ilibe siginecha ya wodwala, kapena nambala ya membala mudailemba molakwika. Zoterezi zimakonzeka: konzani fomuyo, tumizaninso nthawi yomwe ili m'mgwirizano isanathe. Akanena kuti ndi withholding tax, msonkho womwe amaduliratu asanakulipireni, akupatseni satifiketi yake, chifukwa ndi imene mudzaonetse ku MRA powerengera msonkho wa pachaka. Ikasowa, msonkho womwewo mudzalipira kawiri.

Ngati chikuti K500,000, ndiye kuti ndalama yadukira m'njira, ku banki kapena kwa wotumiza. Funsani banki ikuuzeni dzina la chindapusacho. Mukamakankhira ndalamazo ku foni n'kukatapa kwa ejenti, pamenepo mumadulidwanso.

Musabwerere ku cheke ayi. Nthawi ya mvula, madzi akadula msewu wa M1, cheke chikhoza kukhala mu diloo mankhwala akutha pa shelefu. Lemberani kampaniyo kalata kuti izilipira molunjika mu akaunti yanu, ndipo mgwirizano unene poyera kuti mtengo wotumizira ndi wa ndani. Zoperewerazo musalipiritse wodwala musanawerenge mgwirizanowo, chifukwa migwirizano ina imaletsa zimenezo.