Funsani Amisiri: Chipika cha Mfundo Chikakana Nkhwangwa

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Kasungu ndi ku Mchinji, ndipo akukamba za nkhuni. Ndi nyengo yake. Ena akukonzekera kuotcha njerwa, ena akuunjikiratu nkhuni za mabalani a fodya mvula isanagwe. Tasankhapo asanu.

FUNSO: Zikomo akonzi. Chaka chatha ndinagwetsa mitengo isanu ya bulugamu m'munda mwanga kukonzekera balani. Zipika zowongoka ndinawaza bwinobwino, koma zatsala za mfundo ndi za pamphanda. Nkhwangwa ikumangodumpha, ikalowa ndiye kukanirira osazuka. Mnzanga wandibwereka hamala ya mapaundi 14. Ndiyambire pati? Mlimi wa fodya, Santhe.

YANKHO: Bambo, yambani ndi kuika nkhwangwayo pambali. Tayang'anani mpini wake pamene palowa chitsulo. Amene anausema anasankha dala mtengo wa chibulumunthu kumutu, pamfundo kapena patsinde, podziwa kuti pamenepo sipang'ambika ngakhale mutatema chaka chonse. Zipika zanuzo ndi mitu ya mipini ikuluikulu. Mtengo wowongoka uli ndi mitsempha yoyenda motsatana kuchokera pansi kupita m'mwamba, ndipo kuwaza ndi kungoilekanitsa. Pamene panatuluka nthambi, mitsempha imazungulira nthambiyo n'kulukana ngati nsengwa. Nkhwangwa yathu ndi yopyapyala, inapangidwira kutema mopingasa. Pamfundo imadula pang'ono kenako mtengo n'kuipana.

Bulugamu amaonjezera vuto lake. Mitundu yambiri imakula mopotoka, ndipo ikauma mitsempha imamangana zolimba. Akanawazidwa sabata ziwiri kapena zitatu atangogwa, ntchito ikanachepa. Koma zapita, tione zomwe zilipo.

Mufunika zikhomo ziwiri zachitsulo, zosongoka mbali imodzi ngati tchizulo koma zonenepa, ndi sowo. Chikhomo chimodzi sichikwana, chifukwa chikamira chonse mulibe chochitulutsira. Dulani zipikazo zikhale zazifupi, masentimita 30 mpaka 40. Podula musalole mfundo kukhala pakati pa chipika. Chekani pafupi nayo penipeni kuti ithere kumapeto, ndipo poimika chipikacho mfundoyo iloze pansi. Mukatero mng'alu umayambira kofewa, n'kufika pamfundo utatseguka kale kumwamba, mbali ziwirizo zikukoka ngati zogwirira.

Musawazire pa dothi la mchenga kapena lolimidwa. Nthaka yofewa imameza mphamvu ya hamala, inu n'kumangoona chipika chikumira. Pezani chitsa chophwatalala kapena chipika chachikulu, chosapitirira masentimita 25 kutalika, muike pabwalo lolimba.

Tsono yang'anani pamwamba pa chipika musanamenye. Chipika chouma chimakhala ndi timing'alu toyambira pamtima kupita kukhungwa. Mng'alu waukulu ndiwo khomo lanu. Koma onani kaye kumene ukulowera. Ukhale wodutsa pakati penipeni pa mfundo, kuing'amba pawiri motsata nthambi, kapena wolambalala kutali. Mng'alu wokagunda mfundo chopingasa umaima pomwepo, ndipo apa m'pamene anthu amathera thukuta pachabe. Chikhomo muchiike pamng'alupo cha kumphepete, osati pamtima, pakuti kumphepete kuli mtengo wochepa wogwira. Ngati palibe mng'alu uliwonse, chekani kamzere ndi sowo kozama masentimita 3 mpaka 5 kuti chikhomo chipeze pokhala. Gwirani hamala pafupi ndi mutu, gogodani pang'onopang'ono mpaka chikhomo chiime chokha, chotsani dzanja, kenako menyani ndi manja awiri. Mvetserani. Poyamba chitsulo chimalira kuti ngwe, ngwe. Chikasintha n'kumamveka mogonthera, chipika chikuchita tsetete, ndiye kuti chayamba kugonja. Mng'alu ukatsika m'mbali, gonekani chipikacho ndi kukhomera chikhomo chachiwiri m'mbalimo, patsogolo pa pamene mng'alu walekezera. Choyamba chija chimamasuka chokha. Timitsempha totsalira tolumikiza mbali ziwirizo ndiye ntchito ya nkhwangwa yanu ija.

Chipika chonenepa kuposa masentimita 40 musalimbane nacho kuti chigawike pakati. Benthulani m'mbali mozungulira, zibenthu za masentimita 8 mpaka 10, motsata mizere yozungulira yooneka pamwamba pa chipika. Chikamachepa, mtima wake umatsala wopanda choumanga.

Za pamphanda anthu ambiri amalakwitsa. Amakhomera chikhomo pakati pa nthambi ziwirizo kufuna kuzilekanitsa, chonsecho pamenepo m'pamene mtengo unalukana kwambiri kuti nthambi zisakhadzuke ndi mphepo. Dulani nthambizo zifupike, zondotsani chipika kuti tsinde likhale m'mwamba, ndipo chikhomo chiime moti mng'alu udutse pamitima ya nthambi zonse ziwiri. Mutsale ndi mphanda ziwiri zopyapyala, osati nthambi ziwiri zosiyana.

Hamala ya mnzanuyo ndi yoswera miyala. Mapaundi 14 ndi makilogalamu 6 ndi kachidutswa, ndipo mukakweza kakhumi msana wayamba kale kudandaula, nayonso yayamba kuphonya. Ya mapaundi 8, yomwe ndi makilogalamu 3.6, imagwira bwino. Chimene chimang'amba ndi liwiro kuposa kulemera. Mukachulukitsa kawiri kulemera, mphamvu imachuluka kawiri, koma mukachulukitsa kawiri liwiro, mphamvu imachuluka kanayi. M'masitolo ena a zitsulo mumapezeka nkhwangwa yonenepa yomwe kumbuyo kwake ndi hamala, amailemba kuti splitting maul, ya mapaundi 6 kapena 8. Imeneyo imawaza yokha zipika za mfundo zing'onozing'ono, ndipo kumbuyoko n'komenyera chikhomo. Mukaipeza pamtengo wabwino, gulani.

Ndipo tinene mosabisa, si chipika chilichonse choyenera thukuta lanu. Ng'anjo ya balani ndi uvuni wa njerwa zimalandira zipika zazikulu. Za mfundo zimachedwa kunyeka, ndiye zoipitsitsazo zisungeni zathunthu, zidzagwira moto usiku.

FUNSO: Anyamata owotcherera zitsulo anandidulira chikhomo ku sipuling'i ya lole. Tsiku lina kachitsulo kanathetheka n'kundilasa pamsongolo. Komanso chimakonda kutumphuka ndikamenya. Chalakwika n'chiyani? Wowerenga wanu, Kamwendo.

YANKHO: Achimwene, mwayi kuti kanapita kumsongolo osati m'diso. Sipuling'i ndi chitsulo cholimbitsidwa, nayonso nkhope ya hamala ndi yolimbitsidwa. Zitsulo ziwiri zoterezi zikagundana palibe chogonjera chinzake, ndiye china chimathetheka. Chikhomo chabwino chimakhala cholimba kunsonga koma chofewerapo kumutu. Pitani nacho kwa osula makasu ndi nkhwangwa, awotche kumutuko mpaka kufiire, kenako achikwirire m'phulusa chizizire chokha. Asachiviike m'madzi, pakuti madzi ndiwo amachiumitsa.

Komabe sipuling'i ndi yopyapyala kwambiri. Imalowa ngati mpeni osakankha mbali. Shafuti yakutha ya galimoto, yonenepa masentimita 4 kapena 5, yodulidwa masentimita 20 mpaka 25 n'kusulidwa nsonga, imaposa. Nayonso kumutu aifewetse chimodzimodzi. Mutu wofewa umaphwanyika pang'onopang'ono n'kutambalala ngati bowa. Milomo ya bowayo ndiyo imauluka. Ikangoyamba kupindika ndi kung'aluka, kaisadzeni pa gilayinda mutu ubwerere mwakale. Valani magalasi otchinga maso, jombo ndi buluku lalitali. Zowaza nkhuni mutavala mapatapata tisiye.

Kutumphukako kumabwera pa zifukwa zitatu: nsonga yafupika n'kunenepa msanga, mtengo ndi wauwisi woterera, kapena mwayamba kumenya mwamphamvu chikhomo chisanagwire. Nsonga italike pang'ono, muinole ndi tupa, ndipo m'mbali mwake alembemo timizere topingasa ndi gilayinda kuti chizigwira. Kuwaza kamchenga kouma mumng'alu kumathandizanso.

Chikamira osatuluka, musachimenye cham'mbali kuti chigwedezeke, mungochipinda. Semani zikhomo zamtengo wouma wolimba monga muwanga, zotalika masentimita 30, zonenepa 7 kapena 8 kumutu. Zamtengo siziyambitsa mng'alu koma zimaukulitsa bwino, ndipo zikaphwanyika n'nkhuni zomwe. Chinthu chimodzi musayerekeze: kupisa zala mumng'alu kufuna kusolola chikhomo. Chikataya malo, chipika chimatseka ngati msampha.

FUNSO: Mipini ya hamala ikundithera, itatu chaka chino chokha. Yonse ikuthyokera pakhosi. Mutu ukagwedera ndimauviika m'madzi usiku. Kodi ndi mtengo woipa? Wogulitsa nkhuni, Chamama.

YANKHO: Mpini wothyokera pakhosi, bambo, kawirikawiri wapalamula ndi mwini. Mukaima pafupi kwambiri, mutu wa hamala umapitirira chikhomo ndipo chomenya chitsulo ndi khosi la mpini. Musanayambe, tambasulani manja onse mutagwira kumapeto kwa mpini, ikani nkhope ya hamala pamutu pa chikhomo, ndiye musunthe mapazi kufikira zitagwirizana. Musasunthenso. Miyendo itangadze, kuti hamala ikaphonya idutse pakati osati paphazi. Pokweza, dzanja limodzi likhale kumapeto, linalo pafupi ndi mutu. Potsitsa, lakumutulo litsetsereke kukakumana ndi linzake, mawondo akupindika pang'ono kuti hamala igwe molunjika. Munthu akatopa amayamba kutaya manja patsogolo, ndiye mukaphonya kawiri motsatizana, pumulani.

Mtengo nawo uli ndi mbali yake. Mpini ukhale wa masentimita 80 mpaka 90, wopanda mfundo, wong'ambidwa kuchokera ku chipika chowongoka osati wochekedwa mopingasa mitsempha, ndipo wouma bwino mumthunzi. Paini ndi malaina ayi, n'zofewa. Kulungani pakhosi ndi mphira wa chubu masentimita 10 mpaka 15.

Zoviika m'madzizo zimapusitsa. Mtengo umafufuma n'kugwira tsiku limodzi, koma pofufumapo umadzifinya m'bowo la chitsulo, ndipo ukauma umagwedera kuposa kale. Chekani kamzere kumapeto kwa mpini, lowetsani m'mutu, khomani kachikhomo ka mtengo wouma m'kamzeremo, kenako kachitsulo kakang'ono mopingasa. Misomali yokhomera mwachisawawa imangong'amba mpini. Ndipo musamenye kumbuyo kwa nkhwangwa ya bowo ndi hamala ngati chikhomo. Bowolo limapindika, mpini uliwonse sudzakhalamonso bwino.

FUNSO: Ine ndimaphikira chitetezo mbaula, imafuna nkhuni zing'onozing'ono. Ana akuti tidikire ziume ndiye tiwaze, ine ndikuti tiwaziretu. Walondola ndani? Tili ndi keshya ndi mango wakale amene anagwa ndi mphepo. Mayi wa ku Mkanda.

YANKHO: Mwalondola ndinu, mayi. Mtengo wauwisi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo khungwa limawatsekera. Chipika chathunthu chimauma kunsonga kokha, m'kati muli chinyontho, pamene chowazidwa chimauma mbali zonse. Keshya wowongoka savuta. Mango ndiye wa mphanda zambiri ndi mitsempha yolukana, choncho muwauze anawo atsate zimene tayankha bambo a ku Santhe pamwambapa.

Za mbaula zikhale zonenepa ngati zala ziwiri kapena zitatu. Pofika pa tinkhuni toterewu m'pamene zala zimadulidwa, chifukwa munthu amagwira ndi dzanja lina akutema ndi linzake. Pezani tayala lakutha, liikeni pachitsa chowazirapo, dzazani zibenthu choimika m'kati mwake. Tayalalo limazigwira, inu n'kumangotema mozungulira, osawerama kutola chilichonse. Ana ang'ono ndi ziweto zikhale kutali, mapazi khumi kapena kuposa.

Sanjani nkhunizo pa mitengo iwiri yogoneka pamiyala kuti chiswe chisakwere, pamalo opita mphepo. Zowazidwa mu June kapena July zimakhala zitauma pofika October. Mvula ikayandikira, fundani pamwamba pokha, m'mbali musiye. Mukamenyanitsa ziwiri zouma zimalira mokweza, zauwisi zimangoti phu. Potenga nkhuni pamulu wokhalitsa yambani mwagogoda ndi ndodo, zinkhanira ndi njoka zimakonda momwemo.

FUNSO: Zitsa za bulugamu zatsala m'munda. Ndizizule ndiwaze nkhuni? Mnyamata wa ku Nkhamenya.

YANKHO: Ngati malowo simukufuna kulimapo, zisiyeni, achimwene. Chitsa cha bulugamu chimaphukira, ndipo mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ilipo kale. Zikafika mita imodzi kapena kuposerapo, patulirani musiye ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Mudzakololapo mitengo yowongoka, yosafuna n'chikhomo chomwe. Masiku ano izi n'zofunika, popeza lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kukatema ku Chimaliro kapena m'nkhalango ina yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu. Ulendo wina podula, siyani chitsa cha masentimita 10 mpaka 15, chodulidwa mopendekera kuti madzi asadikhepo.

Ngati n'zozula basi, kumbani mozungulira, dulani mizu, ndipo kokolani dothi lonse ndi madzi musanayandikize sowo kapena nkhwangwa, poti mchenga ndi timiyala ta m'mizu zimabunthitsa chitsulo nthawi yomweyo. Chizondotseni mizu iloze kumwamba, khomani chikhomo pakati pa mizu iwiri ikuluikulu, muzichotsa muzu umodziumodzi pamodzi ndi chibenthu chake. Chapakati chotsalacho chipite ku uvuni wa njerwa chathunthu.