Kodi kuwala kukafika ku Ngabu, kapena kuthera panjira?

Mnyamata wina wa ku Nchalo wanditumizira imelo. Akufuna kukoka fayiba (chingwe cha galasi chotumiza mauthenga ndi kuwala) ya mtundu wa single-mode makilomita 24 kulowera cha ku Ngabu. Ma SFP ake, tizipangizo totumiza ndi kulandira kuwala, amatulutsa kuwala pa -5 dBm (muyeso wa mphamvu ya kuwala), ndipo mbali yolandira imamva mpaka -23 dBm. Akufunsa ngati kuwalako kukafike.

Achimwene, pakati pa manambala awiriwo pali 18 dB (dB ndi muyeso wa kuwala kumene kwatayika panjira). Ndizo muli nazo m'manja. Kuwala m'fayiba kuli ngati madzi a m'ngalande za nzimbe kwanuko: akamayenda, ena amalowa pansi, ena amatayika pa mphambano iliyonse. Ndiye tiwerenge zotayikazo.

Galasi lenilenilo limadya pafupifupi 0.35 dB pa kilomita mukamagwiritsa kuwala kwa 1310 nm (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala), kapena 0.22 dB pa 1550 nm. Pa 1310, makilomita 24 atenga 8.4 dB. Koma chonde, werengani kutalika kwa chingwe, osati kwa msewu. Chingwe chimazungulira milatho, china chimasiyidwa chopindapinda m'mabokosi.

Ngati dramu lililonse la chingwe ndi la makilomita 4, mukhala ndi ma splice (malo olumikizira zingwe ziwiri) 5, kuwonjezera ena awiri a kumapeto, onse 7. Lililonse liwerengereni 0.1 dB, zikwana 0.7. Makonekita awiri pa 0.5 dB apereka 1 dB. Zonse pamodzi 10.1 dB.

Tsopano mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse. Ambiri amasiya 3 dB yapadera basi, n'kumati zatheka. Kuno kuchigwa ine sindikhutira nayo. Mukukumbukira mmene namondwe Ana anadulira msewu wa M1 ku Chikwawa mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Marichi 2023. Madzi akakokolola chingwe, sachilumikiza pamalo amodzi okha ayi. Amaikapo chidutswa chatsopano, ndiye kuti ma splice awiri owonjezera, olumikizidwa mothamanga, m'matope, makasitomala akuimba foni. Oterowo kawirikawiri sakhala pa 0.1. Dzinja lililonse likamawonjezera ake, 3 dB ija imatha mwakachetechete, pomwe 3 dB ndi theka lathunthu la mphamvu ya kuwala. Inu mwatsala ndi pafupifupi 8 dB, choncho kuwala kukafika bwinobwino. Musaiwononge posunga ndalama pa makonekita otchipa.

Chinanso ndi fumbi la mu Okutobala. Njira ya kuwala pakati pa galasi ndi ya ma micron 9 okha, yochepa kwambiri kuposa tsitsi. Kafumbi kamodzi pamphuno ya konekita kangakudyereni kuposa ma splice onse aja. Pukutani musanalowetse, nthawi zonse, ngakhale konekita itangotuluka kumene m'pepala.

Mukamaliza kukoka, yezani ndi OTDR, makina osonyeza pamene kuwala kukutayika m'chingwe, kuchokera mbali zonse ziwiri, pa 1310 ndi pa 1550. Pamene 1550 ikutaya kwambiri kuposa 1310, pamenepo chingwe chapindika mopitirira, pitani mukachiwongole. Zotsatirazo muzisunge pakompyuta, kuti tsiku limene mtsinje wa Mwanza udzasefukire mudzakhale ndi poyerekezera.