Namasupuni wa mnansi walowa m'damu langa, ndingamusumire?

Bambo, mwalemba kuti mnansi wanu wa kumtunda anaika namasupuni m'damu lake kuti azidyetsa nkhumba, ndipo madzi atasefukira udzuwo unakokolokera m'damu lanu la nsomba. Nsomba zikufa, mukufuna chipukuta misozi.

Kusuma mukhoza. Munthu akabweretsa chinthu chowononga pamalo pake n'kuchilekerera mpaka chikaononge kwa mnzake, khoti likhoza kumulipitsa, ndiponso kumulamula kuti achichotse. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 likupatsaninso ufulu wokadandaula kukhoti.

Koma nkhani yonse yagona pa umboni, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Namasupuni kwawo ndi ku South America, kuchigwa cha mtsinje wa Amazon. Anthu ankamutenga chifukwa cha maluwa ake okongola, lero wadzaza mu Nile, mu Congo, m'nyanja ya Victoria kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi mu Shire momwe. Amakonda madzi odekha, ofunda, okhala ndi manyowa, ndiye damu la nsomba kwa iye ndi kunyumba. Pa masabata awiri okha amatha kuchuluka kawiri, ndipo njere zake zimagona m'matope zaka zambiri zisanamere. Loya wa mnansi wanuyo adzangofunsa kuti: mukudziwa bwanji kuti sanabwere ndi ukonde wobwereka, kapena ndi khwawa lina? Funso limeneli si lachibwana ayi.

Choncho musanazule kalikonse, jambulani madamu onse awiri ndi njira imene madzi anadutsa. Itanani mlangizi wa za nsomba adzaone, alembe lipoti. Ngati alipo amene anaona mnansiyo akubweretsa udzuwo, kapena amene akudziwa kuti kudera kwanuko kunalibe namasupuni kale, ameneyo ndiye mboni yanu yeniyeni. Sungani malisiti a mbewu ya nsomba, chakudya ndi aganyu.

Kenako mulembereni kalata yonena zimene mwataya ndi tsiku loti akhale atayankha. Ine ndingakonde mutagwirizana pamenepa, chifukwa ngakhale kukhoti lalikulu milandu yotere imayamba yadutsa kwa mkhalapakati. Akakana, sumani zisanathe zaka 6.

Udzu umene muzule muuyanike pamtunda, kutali ndi madzi, mpaka uume. Mukautaya mumtsinje, wa kumunsi kwanu adzakusumirani inuyo pa mlandu womwewu.