Mtolankhani amene analinso kazitape: nkhani ya Richard Sorge

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira utolankhani ku Blantyre. Funso lake ndi ili: "Aphunzitsi athu akuti pa nthawi ya nkhondo atolankhani ena ankagwiranso ntchito yaukazitape. Kodi ndi zoona? Nanga munthu wotere tingamutchebe mtolankhani?"

Achemwali, ndi zoona ndithu, ndipo ndikuyankhani ndi moyo wa munthu mmodzi, Richard Sorge.

Anabadwa mu 1895 pafupi ndi mzinda wa Baku, bambo ake Mjeremani, mayi ake a ku Russia, koma anakulira ku Berlin. Anamenyera Germany pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mu 1916 bomba linamuthyola miyendo yonse iwiri, mwakuti anatsimphina mpaka imfa yake. Nkhondoyo inamuwawa mumtima n'kumusandutsa wachikomyunizimu. Pofika 1930 anali ku Shanghai, akugwirira ntchito nthambi ya akazitape ya asilikali a Soviet Union. Mu 1933 analowa chipani cha Nazi, cha Adolf Hitler, mwachiphamaso, n'kukwera sitima yopita ku Japan ngati mtolankhani.

Tsopano tamvetsani pamene pagona yankho la funso lanu lachiwiri. Utolankhani wa Sorge sunali wabodza. Ankawerenga kwambiri za Japan, mbiri yake, ulimi wake ndi ndale zake, ndipo nkhani zimene ankalembera nyuzipepala ya Frankfurter Zeitung zinkalemekezedwa. Luso limenelo ndi limene linamutsegulira zitseko. Eugen Ott, msilikali wa ku ofesi ya kazembe wa Germany ku Tokyo amene anadzakhala kazembe mu 1938, ankamufunsa nzeru, kumuonetsa makalata achinsinsi, ngakhale kumupempha kuti amuthandize kulemba malipoti opita ku Berlin. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndani akanakayikira mnzake wapamtima wa kazembe?

Sanali yekha. Hotsumi Ozaki, mtolankhani wa nyuzipepala ya Asahi Shimbun, anali m'gulu la alangizi a nduna yaikulu ya Japan, Konoe. Branko Vukelić ankalembera bungwe la nkhani la ku France lotchedwa Havas. Max Clausen ndiye ankatumiza mauthenga ku Soviet Union pa wailesi yobisika. Onani kuti mwa anthu anayiwa, atatu anali atolankhani.

Moyowu unkamudya. Ankamwa mowa kwambiri n'kumathamangitsa njinga yamoto usiku m'misewu ya Tokyo. Mu May 1938 anawomba khoma, mano n'kuguluka, nkhope magazi okhaokha, m'thumba muli mapepala amene akanamuulula. Anadzilimbitsa osakomoka mpaka Clausen atafika kuchipatala kudzawatenga. Ndikaganiza za usiku umenewo ndimamumvera chisoni: munthu ali pakhomo pa imfa, koma nkhawa yake yoyamba ndi zimene zili m'thumba.

Mu 1941 anachenjeza Moscow kuti Germany ikukonzeka kuukira. Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, sanamvere, ndipo pa 22 June asilikali a Hitler analowa m'dzikolo. Mu September chaka chomwecho Sorge anatumiza uthenga wina, wochokera makamaka kwa Ozaki, wakuti Japan siukira Soviet Union, maso ake ali kummwera. Uthengawu, pamodzi ndi zimene Moscow inamva kuchokera kwina, unathandiza kuti asilikali a ku Siberia asamutsidwe kukateteza Moscow.

Sanadyerere. Anamangidwa pa 18 October 1941, patangopita masiku ochepa Ozaki atagwidwa. Boma limene analitumikira linamukana kuti silikumudziwa. Mkazi wake, Katya Maximova, anamangidwa ndi boma lomwelo ndipo anafera ku Siberia mu 1943. Sorge ndi Ozaki ananyongedwa pa 7 November 1944 kundende ya Sugamo. Panadutsa zaka 20 kuti Moscow imupatse ulemu wa ngwazi ya dziko, mu 1964.

Ndiye tingamutche mtolankhani? Ine mtima wanga ukukana, ngakhale ndimalemekeza kulimba mtima kwake komanso kudana kwake ndi ulamuliro wa Hitler. Munthu akamakuuzani nkhani chifukwa mwanyamula kabuku ndi cholembera, amakhulupirira kuti mawu ake akupita kwa owerenga. Sorge anali ndi wowerenga wina wobisika, ndipo ameneyo ndiye anali bwana weniweni. Ngongole ya khalidweli amalipira ndi ena. Msilikali wa pa rodibuloko akakayikira mtolankhani wosalakwa kuti ndi kazitape, amakhala ndi zitsanzo zenizeni zoloza, ndipo Sorge ndi chimodzi mwa izo. Inuyo, tsiku lina mutanyamula chiphaso chanu, munthu wovala bwino akadzati "tithandizeniko pang'ono, mumatiuzako zimene mwaona kumeneko," chonde mudzakane.

Amene sanamutaye ndi Hanako Ishii, mkazi wa ku Japan amene ankakondana naye. Nkhondo itatha anafufuza mpaka anapeza mafupa ake m'manda a akaidi. Anawazindikira ndi zizindikiro za miyendo yothyoka ija komanso golide wa m'mano amene anamuika itachitika ngozi ya njinga. Anakamuika kumanda a Tama, ndipo golideyo anasulitsa mphete imene anavala mpaka kumwalira kwake mu 2000.