Masabata 9 ndikudikira Carer's Allowance, kodi fomu yanga inasowa?

Imelo ya lero yachokera kwa mayi wina amene amakhala ku England, dzina sinditchula. Akusamalira apongozi awo omwe anadwala sitiroko, kuwasambitsa, kuwadyetsa, usiku kudzuka kangapo. Anachepetsa mashifiti kuntchito, anatumiza fomu ya Carer's Allowance (ndalama ya boma yothandiza osamalira odwala) sabata yomweyo imene apongoziwo anapempha Attendance Allowance (ndalama ya okalamba ofunika chisamaliro), pano masabata 9 adutsa kuli zii. Akufunsa kuti atumizenso fomu ina kapena bwanji, komanso akuti akuganiza zokatenga mashifiti owonjezera kuti apeze ya renti podikira.

Achemwali, pepani ndi matenda, ntchito mukugwirayo ndi yolemetsa ndipo anthu ambiri samaiona ngati ntchito.

Fomu ina musatumize kaye. Imbani foni ku Carer's Allowance Unit ya DWP, dipatimenti ya boma yopereka ndalamazi, mungofunsa kuti inafika liti, mulembe tsiku mwaimbalo ndi zomwe akuuzani. Koma ine ndikuona kuti yankho lili kale mu imelo yanu momwemo, pamene mwati mafomu awiriwa anapita sabata imodzi. Carer's Allowance siimayenda yokha ayi, imatsamira pa ndalama ya wodwalayo. Munthu amene mukumusamalira ayenera kukhala kuti akulandira kale Attendance Allowance, kapena ndalama zina za olumala, monga gawo la PIP (Personal Independence Payment) la moyo wa tsiku ndi tsiku, kapena DLA (Disability Living Allowance) ya chisamaliro ya mulingo wapakati kapena wapamwamba. Nde ngati ya apongozi sanaivomereze, yanu ilibe poyimira, imangokhala pamenepo ndipo nthawi zina amangoikana kumene ngakhale inu mukukwanitsa maola 35 pa sabata omwe amafuna. Ndiye foni yachiwiri ikhale yofunsa za fomu ya apongozi, iwo ali pafupi kuti avomereze kuti muwayankhulire.

Tsono apa nde pofunika kumvetsa. Mwachizolowezi Carer's Allowance amatha kukubwezerani m'mbuyo miyezi 3 yokha basi. Koma mukapempha pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku lomwe avomereza Attendance Allowance ya apongozi, ndalama yanu itha kuwerengedwa kuyambira pomwe ya iwowo inayambira, bola ngati nthawi yonseyo munali mukuwasamalira ndipo munali woyenera. Kalata ya apongozi ikangofika, onani deti yake, isungeni bwino, ndipo ngati yanu anali ataikana kale pemphaninso msangamsanga. Anthu amaluza ndalama pamenepa, kalata yabwera, aisiya pa tebulo, miyezi 3 yatha.

Chinthu china chomwe simunanene ndipo ndikuyenera kufunsa ngakhale sichisangalatsa: mapepala anu okhalira m'dzikomo akuti chani? Ngati viza yanu ili ndi mawu aja akuti no recourse to public funds, Carer's Allowance ili m'gulu la ndalama zoletsedwazo, ndipo kuilandira kutha kukusokonezerani nkhani ya viza. Amafunanso kuti mukhale mwakhala m'dzikomo zaka 2 mwa zaka 3 zapitazi. Ngati pali chokayikitsa apa pitani ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu waulere, musanapitirize.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri si kuchedwaku, ndi mashifiti mukufuna kukatengawo. Mu Epulo 2025 Carer's Allowance anaiika pa £83.30 pa sabata ndipo malire a zomwe mungapeze kuntchito anawaika pa £196 pa sabata, kuchoka pa £151, mutachotsa msonkho, National Insurance ndi theka la zomwe mumaika ku penshoni. Ziwerengerozi amazisintha mu Epulo nde muzionanso pa GOV.UK. Vuto lake malirewa alibe chisoni, mukadutsa ndi £1 yokha ndalama ya sabata imeneyo yonse yapita, osati kuchepetsako pang'ono ayi, yonse. Ndipo ngati simunanene, atha kukulipiranibe kwa miyezi kenako nkudzakuuzani kuti bwezani. Si nthano iyi. Mu Disembala 2024 a National Audit Office, ofesi yofufuza momwe boma limagwiritsira ntchito ndalama, ananena kuti ngongole yomwe osamalira odwala ankayenera kubweza inali itadutsa £250 miliyoni, ndipo boma linachita kupempha Liz Sayce, katswiri pa za ufulu wa olumala, kuti aunike momwe zinafikira pamenepo. Ine pandekha ndimaona kuti lamulo limeneli linapangidwa ndi munthu amene sanagwirepo ntchito ya maola osinthasintha, chifukwa sabata ina bwana akupempha kuti utsalire maola awiri, ukana bwanji renti ikukudikira? Komabe lamulo lake ndi lomwelo. Ngati mutenge mashifiti, werengerani ndi cholembera musanavomere, sungani ma payslip onse, ndipo malipiro akasintha auzeni ngakhale asanakuyankheni za fomu. Mapayslip omwewo nthawi zambiri amawaitanitsa pofuna kutsimikiza zomwe mumapeza, nde kukhala nawo pafupi kumachepetsanso masiku odikira.

Ngati muli pa Universal Credit dziwani kuti Carer's Allowance amaiwerenga ngati ndalama yolowa ndipo amaichotsa yonse ku Universal Credit, phindu lenileni limabwera kudzera ku carer element, gawo lowonjezera la Universal Credit la osamalira odwala. Ndiye ndalama ya m'mbuyo ikabwera yambiri pakamodzi musathamange kuidya, funsani kaye ngati pali yomwe adzachotse.

Zikapitirira kuchedwa pomwe ya apongozi yavomerezedwa, lembani dandaulo ku DWP, ndipo musaope kulembera MP wa dera lanu, ndi ntchito yake ndipo ofesi yake imatha kufunsa m'malo mwanu. Dandaulo likakanika ku DWP pali Independent Case Examiner, ofesi yoima payokha younika madandaulo otere. A DWP akakukanani Carer's Allowance ndipo mukuona kuti alakwitsa, muli ndi mwezi umodzi wopempha kuti aunikenso, amati mandatory reconsideration. Owerenga a ku Scotland, inu zanu ndi zina, kumeneko ndi Carer Support Payment ya Social Security Scotland.

Sabata ino imbaninso ku khonsolo yanu mupemphe carer's assessment, kuti aunike thandizo lomwe inuyo ngati wosamalira wodwala mukufunikira. Pansi pa Care Act 2014 ndi ufulu wanu, siidikira fomu ya wina aliyense, ndipo ndi pomwe mungawauze kuti usiku simukugona ndipo mukufuna wina wodzakulandirani maola angapo.