Kodi mwala nkufinyika ngati siponji? Yankho kwa wowerenga wathu

Sabata yathayi ndinalandira imelo yochokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira za miyala ndi migodi. Akuti mphunzitsi wawo anawauza kuti mwala wa laimu wosunga mafuta pansi pa nthaka umafinyika ndi kubwereranso m'chimake, ndipo iye sakukhulupirira. "Mwala ndi mwala basi," analemba choncho, "nanga uchita bwanji ngati mphira?"

Achimwene, mphunzitsi wanu sananame, koma anakuuzani theka la nkhani.

Mukamva za mafuta a pansi, musaganize za dziwe lobisika. Mafuta ndi gasi amakhala m'timibowo ta mwala, ndipo amakhala atapanikizika kwambiri, moti amathandiza mwalawo kusenza katundu wa miyala yonse ya pamwamba pake. Mukawapopa, katunduyo amatsalira mwala wokha. Mukapopa pang'ono pokha, mwala umafinyika ndipo ungabwerere mukabwezeretsa mphamvu ya kupanikizika ija. Mukapitirira malire, timibowo timaphwasuka ndipo sitidzadzukanso.

Anthu a ku Norway anaziona ndi maso. Ku Ekofisk, m'nyanja ya North Sea, kampani ya Phillips Petroleum inapeza mafuta mu 1969 ndipo inayamba kupopa mu 1971. Mwala wa kumeneko ndi choko, mtundu wa laimu wopangidwa ndi zigoba za tizomera ta m'nyanja tosaoneka ndi maso. Uli pafupifupi makilomita 3 pansi, ndipo malo ena timibowo timatenga gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a mwala wonse. Mu 1984 anazindikira kuti nsanja zawo zopoperapo mafuta, zoimikidwa m'nyanjamo, zayandikira madzi: pansi pa nyanja panali patatitimira. Mu 1987 anachita kudula miyendo ya nsanjazo, nkuzikweza mamita 6 ndi majeki, nkulumikiza zitsulo zina. Chaka chomwecho anayamba kupopera madzi a m'nyanja m'mwalamo kuti abwezeretse mphamvu. Mafuta otuluka anachuluka ndithu, koma kutitimira sikunaleke, chifukwa madzi amafooketsa choko. Choko cha m'kalasi nthawi zambiri si mwala womwewo, koma aliyense amene anachinyowetsapo akudziwa kuti nachonso chimafooka.

Tsono mwala uli kutali chonchi amauyeza bwanji kulimba kwake? Amatumiza mafunde a phokoso pansi nkumvetsera akamabwerera, kapena amatsitsa chipangizo m'chitsime. Mwala wolimba umathamangitsa mafunde. Mu laimu wopanda mibowo amayenda makilomita oposa 6 pa sekondi, m'choko cha mibowo yambiri pafupifupi theka la pamenepo, ndipo m'madzi kilomita imodzi ndi theka.

Apa ndi pamene laimu amasautsa akatswiri, ndipo kwa ine ndi pamene nkhani imakoma. M'mwala wa mchenga, ukadziwa liwiro la mafunde umatha kuyerekeza bwino kuchuluka kwa timibowo. Laimu sagwirika choncho, poti amasungunuka ndi kumangikanso mosavuta pa zaka zambirimbiri. Tengani miyala iwiri yokhala ndi mipata yofanana kuchuluka. Wina mipata yake ndi yobulungira, malo amene zigoba zinasungunuka. Winayo yake ndi ming'alu yopyapyala. Woyambayo ndi wolimba ngati njerwa ya mabowo, mafunde amangodutsa liwiro. Wachiwiriyo ndi wofewa, chifukwa mng'alu umatsekeka ukangopanikizidwa pang'ono. Wongodalira liwiro akhoza kulonjeza mabwana mafuta amene kulibe, kapena kusiya amene alipo.

Mudzakumananso ndi masamu a Fritz Gassmann, katswiri wa ku Switzerland, amene mu 1951 anasonyeza mmene liwiro la mafunde limasinthira gasi akalowa m'timibowo m'malo mwa madzi. Aphunzireni, ngothandiza. Kungoti amatenga kuti timibowo tonse ndi tolumikizana, komanso kuti madzi sasintha mwala weniweniwo. Mu choko cha ku Ekofisk mfundo yachiwiriyi njokayikitsa.

Munafunsanso ngati mungayesere pa laimu wa kuno kwathu, monga wa ku Changalume ku Zomba kumene ankakumba wopangira simenti. Kuyeza liwiro mungathe, koma mwala umenewo unapsa ndi kutentha kwa pansi kalekale, timibowo tinatsekeka. Mudzapeza liwiro lalikulu lokhalokha. Ngati mukufuna kuona kufooka kwa choko, gulani bokosi la choko cha m'kalasi, theka mulinyike m'madzi usiku wonse, mawa muyese kuthyola chouma ndi chonyowa.