Kodi Ndiyambe Kugulitsa Ndudu mu Golosale Yanga?

Mayi wina amene ali ndi golosale ku Santhe, m'boma la Kasungu, wandilembera pa imelo kuti msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, makasitomala ambiri amafunsa ndudu, ndipo akawauza kuti alibe, amakagula ndudu, shuga ndi sopo yemwe pa okala yoyandikana nayo. Akufunsa ngati pamafunika chiphaso chapadera, komanso ngati malondawo ali ndi phindu.

Mayi, tiyambe ndi kusiyanitsa ziphaso, chifukwa anthu ambiri amazisokoneza. Ziphaso zimene bungwe la Tobacco Commission limapereka zimakhudza fodya wamasamba, ndiye kuti alimi, makampani ogula ndi ena ogwira ntchito pa msika wa mabelo. Inu chimene chikukukhudzani ndi chiphaso cha bizinesi cha ku khonsolo, ndipo popita kukachikonzanso muwauze poyera kuti pa katundu wanu mukufuna kuwonjezerapo ndudu. Musayerekeze kugula masamba kwa alimi kuti muzigulitsa, pakuti kumeneko ndi kulowa m'gulu la mavenda a fodya amene amakhalira kuthamangitsana ndi apolisi. Ndudu muzipikula ku holoselo yopereka lisiti, osati kwa munthu wobwera ndi katoni panjinga madzulo, ngakhale mtengo wake utakoma bwanji.

Mudziwenso kumene mphepo ikulowera. Mu 2023 dziko la Malawi lidalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo la WHO lochepetsa kusuta, ndipo Gawo 16 la panganolo limafuna kuti mayiko aletse kugulitsa fodya kwa ana, komanso ayesetse kuthetsa kugulitsa ndudu imodziimodzi. Mayiko ena adapita patali. Ku Hungary, kuyambira 2013, ndudu zimagulitsidwa m'masitolo apadera okhala ndi chilolezo cha boma, ndipo ku Netherlands masitolo akuluakulu a zakudya adaletsedwa kugulitsa fodya mu 2024. Ku America, kampani ya masitolo ogulitsa mankhwala ya CVS idasiya yokha kugulitsa fodya mu 2014, ikudziwa kuti itaya malonda a madola pafupifupi 2 biliyoni pachaka.

Koma nkhani yeniyeni ili pa kauntala yanu. Kuno kwathu ndi ochepa amene amagula paketi yathunthu. Phindu limatuluka mukaitsegula n'kumagulitsa ndudu 20 zija imodziimodzi, ndipo wogula ndudu imodzi kawirikawiri sabwera yekha, amatuma mwana. Ndaonapo kamnyamata ka yunifolomu ya pulayimale kataimirira chonyanyamphira kuti kafike pa zenera la okala, ndalama ili m'chikhatho, kakuti, "Akuti ababa muwapatse ziwiri ndi machesi." Wogulitsa sangadziwe ngati ababawo alipodi kapena ndudu zikathera kuseri kwa chigafa. Mukamukaniza mwanayo, mwadana ndi bambo ake, amene mwina ndi kasitomala wanu wa ufa ndi mafuta. Mukamupatsa, mawa abweranso ndi anzake.

Ine ndikadakhala inu, sindikadaziika, chifukwa ndalama yoikiza pa katoni imodzi ingagule mchere, sopo ndi mayunitsi, zimene zimayenda chaka chonse, ngakhale mwezi wa Januwale pamene m'matumba mwa alimi mwauma. Ngati mwatsimikiza mtima kuti muyambe, zisungeni m'dilowa osati pafupi ndi maswiti, ndipo auzeni abambo a m'deralo kuyambira tsiku loyamba kuti wofuna ndudu azidzabwera yekha.